Kachipolopolo ka Pampanda wa a Muhiwa

M'mene Tawonga Nyirongo amafika ku Chigumula, dzuwa linali litakwera ndipo anthu anali atapondaponda kale malo onse. Tawonga anali wofufuza milandu wa pa polisi ya Limbe, mayi wamfupi wosakonda kukweza mawu. Anadutsa pakati pa khamulo n'kutsikira m'kanjira kopita kumtsinje.

Kanjirako kanali kopanikiza. Kumanja kwa munthu wotsika kunali khoma lalitali la njerwa, la mabotolo osweka pamwamba. Kumanzere kunali mpanda wa tsekera wotchinga dimba. Thupi linagona pakatipo, mutu utaloza kumtsinje, litafunditsidwa chitenje.

Tawonga anavundukula. Anali bambo wa imvi, atavala jekete yakuda ndi malaya oyera omangidwa mpaka pakhosi. Nsapato zinali zopolishidwa bwino, koma mawondo onse awiri a buluku anali ndi matope. Pafupi ndi dzanja panali mwala wozulidwa kumene, mbali imodzi ikadali yonyowa. Palitsipa lakumanzere panali kabala koti n'kukabisa ndi nsonga ya chala. Magazi anali ochepa.

"Ndani ameneyu?"

"A Stafford Muhiwa," anayankha mayi wina amene anali atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Eni dimbali. Ankagwira ntchito kunjanji, anapuma kalekale. Ndawapeza ndine, bwana. Ndine Winnie, wa mandasi."

"Fotokozani, a Winnie."

"Ine ndimadutsa muno tsiku ndi tsiku ndi beseni langa, kupita kumsewu wa Thyolo. Ndiye lero ndangoona nsapato. Ndati kodi a Muhiwa aledzera? Koma a Muhiwa salawa n'komwe, ndi mkulu wa mphakati wathu. Ndaitana, 'Abambo! Abambo!' Zii. Ndawagwedeza phazi, likadali lofunda, koma mwini wake palibe. Beseni ndaliponya pomwepo, mandasi mukuwaonawo ndi anga."

"Munamva kulira kwa mfuti?"

"Mfuti yeniyeni ayi. Koma kuno tinazolowera ka *pha! pha!* ka a Nizam, akamaombera akhwangwala. Kaya lero kanalira, ine sindinganame, ndinali ndi mafuta pamoto."

Dzina la a Nizam litangomveka, khamu lija linang'ung'udza. Mwamuna wina wa zaka za m'ma thete, wamapewa akuluakulu, anakankha anzake n'kudzaima pamaso pa Tawonga.

"Mwamva, madamu? Mwamvatu? Khoma ilo ndi la Nizam. Ine ndine Kenny, mwana wa malemuwa. Musatitayitse nthawi ndi mafunso, Chigumula yonse ikudziwa. Chaka chatha Nizam anapha nkhunda ya madala ndi kamfuti kakeko. Madala anayenda khomo ndi khomo, mpaka kukomiti ya chitetezo cha m'dera, kuti mfuti siyenera pamalo posewera ana. Kuchokera pamenepo moni anatha. Lero ndi izi."

"Tidzaona," anatero Tawonga.

"Mukachedwa kuona, tiona ndife."

Mkazi wa malemuwo, mayi Ethel Muhiwa, anali pakhonde la nyumba yawo, amayi awiri atawagwira mbali iyi ndi iyo. Anali mayi wowonda, wa manja okhakhala ndi khasu. Sankalira mokweza. Tawonga anagwada pafupi nawo, anapepesa, kenako anafunsa za m'mawa uja.

"Anadzuka kusanache bwino," anatero mayi Muhiwa. "Anati akupita ku Misa ya m'mawa. Ndinamva chitseko chikutsekeka. Ine ndinatsala kuti ndithyole ndiwo zopita nazo kumsika wa Limbe, kuli amayi amene ndimawapikulitsa. Nditatha ndinatulukira geti ya kumaso n'kukwera minibasi. Foni yandipeza ndikutsitsa dengu."

"Kutchalitchi amadzera njira iti?"

"Ya kumsewu. Ya kumtsinje ndi yachidule, koma amaikana, amati imadetsa nsapato. Sindikudziwa chawatengera kumeneko." Anayang'ana khoma la njerwa lija. "Abambo anawachenjeza a Nizam. Anawauza pamaso kuti mfuti imeneyo tsiku lina idzapha munthu."

* * *

Pageti ya a Nizam Jafali panali patasonkhana kale anyamata, ndipo galasi la nyali ya pamwamba pa getiyo linali litaphwanyidwa. Tawonga anaimika apolisi awiri ovala yunifolomu pamenepo, iye n'kulowa.

A Nizam anali ndi sitolo yopikulitsa mpunga ndi nyemba ku Limbe. Anali munthu wonenepa, wa ndevu zometedwa bwino, ndipo thukuta linali litanyowetsa malaya awo. Mkazi wawo ndi ana anali atadzitsekera kuchipinda. Mfuti anali ataiika kale patebulo, pamodzi ndi kachitini ka tizipolopolo.

"Ndi iyi, madamu, sindibisa. Ndi ya mpweya, ilibe onga. Ndinaigula chifukwa cha makoswe ndi nkhunda kusitolo, zimaboola matumba ndi kuipitsira mpunga. Mankhwala ndinawaopa, pamalo pa chakudya. Kunyumba kuno ndimaweta nkhuku, akhwangwala amandithera anapiye."

"Lero mwaombera?"

A Nizam anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Ndikanatha kunama, palibe anandiona. Koma m'mawa uno ndinali kumzikiti, sindingayambe tsiku ndi bodza. Eya, ndaombera. Khwangwala anali mumtengo wa mango uwo."

Tawonga anasuzumira pazenera. Mtengowo unali pangodya ya bwalo, nthambi zake zitatulukira pamwamba pa khoma, mbali ya kanjira.

"Munaloza m'mwamba?"

"M'mwamba, madamu, kunthambi. Koma chokwera chimatsika. Kuyambira pomwe ndinamva mkuwo ndakhala ndikudzifunsa. Ine ndi a Muhiwa sitinkalankhulana, n'zoona. Mawu amene anandinenera pamaso pa anthu anandipweteka. Koma kuwapha ayi. Ngati ndi kachipolopolo kanga, Mulungu akudziwa kuti sindinafune."

Mwala unagwera padenga la malata, mwana n'kulira kuchipinda.

"Tengani jekete, bambo," anatero Tawonga. "Mukagona kupolisi. Sindikunena kuti mwalakwa. Koma mukatsala muno, mawa ndidzakhala ndi mitembo iwiri."

* * *

M'mawa mwake Tawonga anali kuchipatala cha Kwinzi, kumene dokotala woyeza mitembo anamudikira ndi kambale kachitsulo m'manja. Dokotalayo anali munthu wa mawu ochepa, wolankhula ngati akuwerenga.

"Mtima unali bwino. Sitiroko palibe. Chawapha ndi ichi." Mukambalemo munali kachipolopolo ka mtovu, kophwatalala kumutu, kumbuyo kwake kuli kwathunthu ngati kabelu. "Palitsipa fupa ndi lopyapyala, makamaka kwa okalamba. Kanaboola, kanadula mtsempha, magazi anakhuthukira mkati. Sanakhalitse."

"Kangakhale kanagwa kuchokera m'mwamba? Tinene kuti munthu waombera mbalame mumtengo."

"Ayi. Kakugwa sikakhala ndi mphamvu yoboola fupa. Ndipo aka kanalowa mowongoka, kuchokera chammbali. Woomberayo sanali patali kwambiri."

Tawonga anatulutsa kachitini ka a Nizam m'chikwama, natenga kachipolopolo kamodzi n'kukaika pambali pa kaja. Ka a Nizam kanali ngati njere ya mapira. Kochokera m'mutu mwa a Muhiwa kanali ngati njere ya mphodza. Anathyola mfuti ya a Nizam pakati, pamene amalowetsera chipolopolo, n'kuyerekeza kumbuyo kwa kachipolopolo kaja ndi bowolo. Sikakanalowa ngakhale atakakhoma ndi hamala.

Ku Chigumula kunali mfuti ina.

* * *

Masitolo ogulitsa mfuti za mpweya mu Blantyre ndi owerengeka. Yachiwiri imene Tawonga analowa inali cha ku Ginnery Corner, yogulitsanso mbedza, mapaipi othirira ndi misampha ya makoswe. Mwini wake, a Mohamedi, anali mkulu wa magalasi okhuthala, wokonda kuphunzitsa kuposa kugulitsa. Anayang'ana kachipolopoloko m'kathumba ka pulasitiki n'kugwedeza mutu.

"Aka ndi ka nambala yaikulu. Mukuona, madamu, munthu akalowa muno kufuna mfuti, ine ndimayamba ndamufunsa kuti mdani wake ndani. Akati makoswe, nkhunda, akhwangwala, ndimampatsa ya nambala yaing'ono. Ndi yopepuka, ndipo akaphonya siboola malata a nkhokwe. Koma kalulu ndi nkhani ina. Salola kuti umuyandikire, ndipo ukamulasa ndi mfuti yofooka amakafera kutchire akuvutika, zomwe ndi nkhanza. Ameneyo amafuna ya sipuling'i yolimba ndi chipolopolo cholemera ngati ichi."

"Ingaphe munthu?"

A Mohamedi anavula magalasi.

"Anthu amaitenga ngati choseweretsa chifukwa siilira mokweza. Ine aliyense ndimamuuza mawu amodzimodzi: usanakhethemule, usayang'ane kalulu yekha, yang'ana chomwe chili kuseri kwake. Chikhale chulu, chikhale khoma. Ena amamva, ena amangogwedeza mutu akuganiza za ndiwo."

"Alipo wa ku Chigumula amene anagula yotereyi?"

"Mmodzi ndikumukumbuka, chifukwa anandiseketsa. Mkulu wina waulemu wake, anabwera nyengo ya chisanu yomweyi atanyamula kabichi m'jumbo. Anamuika pakauntala pano, wodyedwa mbali imodzi. Akuti, 'Umboni ndi uwu, akalulu andilanda dimba.' Anayesa misampha, anayesa phulusa ndi tsabola, zonse zinakanika. Ndinamupatsa kuti ayeze paphewa, ndinaona kuti akutsinzina molakwika. Ndinati, 'Bambo, maso amenewa aona kalulu?' Iye akuti, 'Anga anatha, koma kunyumba kuli wa maso akuthwa ndi dzanja losanjenjemera.' Kenako anandipempha kuti ndiikulunge m'chiguduli, isaoneke kuti ndi mfuti. Akuti aneba angamuseke."

Tawonga anatsegula foni. Uthenga wa maliro unali utayamba kale kuzungulira m'magulu a tchalitchi, pamodzi ndi chithunzi cha malemu atavala jekete yakuda. Anaitembenuzira kwa a Mohamedi.

Mkuluyo anavalanso magalasi, anayang'anitsitsa, kenako anawerenga mawu a pansi pa chithunzicho. Anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Ndi omwewa," anatero.

* * *

Chakumasana Tawonga anabwerera ku Chigumula. Pabwalo la a Muhiwa anali atakhoma tenti, abambo atakhala pamabenchi a tchalitchi, amayi a mphakati akuimba m'nyumba. Thupi linali loti lifika madzulo, mwambo woika m'manda mawa lake. Koma pageti ya a Nizam anyamata anali atachuluka kuposa dzulo, ndipo wapolisi mmodzi anamunong'oneza kuti waona chigubu cha petulo chikubisidwa m'ngalande.

Anaitanira Kenny kuseri kwa nyumba.

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Ine? Mwayamba kufunsa ine?" Kenny anaseka mowawidwa. "Ndimayendetsa thiraki, madamu. Ndinagona paboda ya Mwanza, kudikira mapepala a katundu. Foni ya maliro inandipeza ndikudutsa pa Lunzu. Funsani kukampani, funsani amene ndinali naye m'galimoto."

"Ndafunsa kale, ndipo avomereza. Pakhomo pano pamakhala ndani?"

"Madala ndi masteni basi. Mlongo wanga ali ku Joni."

"Mfuti ya abambo anu imakhala pati?"

Kenny anamuyang'ana ngati wamutukwana.

"Madala mfuti? Munthu amene anayenda Chigumula yonse kudana ndi mfuti? Musanyoze maliro, madamu. Ngati Nizam wakudyetsani kanthu, nenani."

Tawonga anaona kuti mkwiyowo unali weniweni, ndipo kuti mwamunayo sankadziwa kanthu. Anamusiya n'kutsegula kageti ka dimba.

Linali dimba losamalidwa ndi anthu olikonda. Mabedi a repu, chainizi, karoti ndi letesi anatsetsereka mwadongosolo kuchokera kuseri kwa khitchini mpaka kumpanda wa tsekera. Bedi la letesi ndilo linali lomaliza, ndipo mbewu za m'mphepete zinali zodyedwa mpaka patsinde. Pansi panali timipira ta ndowe za kalulu. Pakati pa dimba panali kamtengo kozikidwa, pamwamba pake atavundikirapo chitini cha mkaka chobookabooka ngati sefa.

Anagwada pampanda. Pansi penipeni panali una wokumbidwa kumene, wotulukira kukanjira. Chapamwamba pake pang'ono, msinkhu wa mutu wa munthu wogwada, mapesi awiri a tsekera anali othyoka, mabala ake akadali oyera, timinga take titaloza kunja. Analowetsa udzu pabowolo n'kusuzumira. Kuseri kwake kunali mandasi a Winnie, nyerere zitawaunjirira.

Anatembenuka ali chigwadire n'kuyang'ana komwe bowolo linaloza. Maso ake anadutsa pamwamba pa mabedi onse n'kukafika pazenera la khitchini. Zeneralo linalibe galasi limodzi, ndipo pafelemu pake panali chiguduli chopindidwa bwino, ngati potsamiritsa chinthu cholemera.

Tawonga anakhala pomwepo kwa kanthawi. M'nyumba amayi anali atayamba nyimbo ina. Pa ntchito yake anali atagwirapo akuba, achiwembu ndi opha anzawo ndi zikwanje, ndipo onsewo ankadziwa zimene anachita. Anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kulowera kukhitchini.

* * *

Anapempha mkulu wa amayi a mphakati kuti amupatse mpata ndi namfedwa. Anawatengera mayi Muhiwa kuchipinda chogona n'kutseka chitseko. Mayiwo anakhala pabedi, Tawonga anakhala pamphasa, pansi pawo.

"Amayi, ndaona dimba lanu. Ndi lokongola."

"Ndi dzanja lawo limenelo. Ine ndimangothandiza." Mawu awo anali atasasa. "Ana tinawaphunzitsira momwemo, penshoni ya kunjanji yokha sikanakwana."

"Akalulu akuvutitsani, ndaona."

"Ii, chaka chino ndiye anyanya. Kumtunda uku anthu amanga paliponse, tchire latha, ndiye onse atsikira kumtsinje kuno. Umadzala lero, mawa upeza mapesi okhaokha. Abambo ankachita kusowa tulo."

"Ndiye anagula mfuti."

Mayi Muhiwa anayang'ana kuchitseko.

"Wakuuzani ndani?"

"Amene anawagulitsa."

"Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale Kenny. Anati, 'Mayi a Kenny, anthu akamva kuti ine amene ndinavutitsa a Nizam ndagula yanga, ndidzayenda bwanji pamsewu?' Zinkawachititsa manyazi. Dzulo ndinafuna kukuuzani, koma ndinati ndiwavulirenji munthu atagona kale, pa nkhani yosakhudzana ndi imfa yawo."

"Amaombera ndani?"

"Ine. Iwo maso anali atafooka. Anandiphunzitsa pachitini chija, mpaka ndinazolowera. Ndimatsamiritsa pazenera la khitchini chifukwa ndi yolemera. Akalulu angapo ndawapha, tinadya." Kamwemwe kakang'ono kanabwera n'kuzimiririka. "Ankanditcha msilikali wawo."

"Dzulo m'mawa munaombera?"

"Kamodzi. Iwo atangotuluka, ine ndikutenga dengu, ndinaona kalulu pa letesi kumpanda kuja. Kunali kusanayere bwino. Ndinathamangira mfuti, ndinatsamiritsa, koma pokhethemula iye anadumpha. Ndinamuphonya. Ndiye ndinangoibweza pamalo pake n'kuyamba kuthyola repu kumtunda kuno, nthawi inali itatha, ndinaopa kuti minibasi..."

Mawu anathera pomwepo. Tawonga anaona manja a mayiwo, amene anali akupinda nsonga ya chitenje, akuima.

"Amadzera kumsewu," anatero mayi Muhiwa. "Mwanawe, amadzera kumsewu. Ndinakuuza dzulo."

"Munandiuza, amayi."

"Ndi ya akalulu. Anandiuza okha kuti ndi ya akalulu basi, singaphe ngakhale galu."

"Amayi, kachipolopolo kamene adokotala achotsa sikalowa mu mfuti ya a Nizam. Ndi kakakulu. Pampanda panu pali bowo latsopano, pamwamba pa una wa akalulu. Abambo tinawapeza kuseri kwa bowolo, mawondo ali matope, mwala uli pafupi ndi dzanja lawo. Ndikuganiza kuti anagwada kuti atseke unawo. Inu simukanawaona, tsekera ndi wothithikana."

Mayi Muhiwa anatseka maso. Patapita nthawi analankhula motsitsa, ngati akuuza munthu wina amene sanali m'chipindamo.

"Dzana madzulo tikudya anati, 'Ndipeza pomwe amalowera.' Ine ndinati, 'Mudzaone Loweruka, mawa muli ndi Misa.' Anangoseka."

Kenako kulira kunabwera. Sikunali kulira kwa pamaliro kumene amayi amathandizana. Kunali kotsika, kochokera m'mimba, ndipo thupi lonse linapindika mpaka chipumi chinagunda mawondo. Tawonga anadzuka pamphasa n'kukhala pabedi, nawagwira mapewa. Wina anagogoda pachitseko, iye anayankha kuti adikire.

Atatopa, mayi Muhiwa anafunsa ali chiweramire, "Anamva kuwawa?"

"Adokotala akuti sanakhalitse."

"Ine ndikuthyola repu. Iwo ali kuseri kwa mpanda, ine ndikuthyola repu." Anapukuta nkhope ndi chitenje. "Anandiitana kapena? Mwina anandiitana ine osamva."

"Sindikukhulupirira kuti anatha kuitana, amayi."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anadzutsa nkhope.

"A Nizam ali kuti?"

"Ali kupolisi. Ndiwatulutsa lero."

"Nanga ana awo?"

"Ali m'nyumba ndi mayi awo. Chitsekereni dzulo sanatuluke. Panja pali anyamata, ndipo ndamva kuti abweretsa petulo."

Mayi Muhiwa anaimirira. Anasuntha sutikesi imene inali pamwamba pa kabati, natulutsa chinthu chachitali chokulungidwa m'chiguduli, n'kuchipereka kwa Tawonga ndi manja awiri osachiyang'ana.

"Munditenga lero?"

"Muyenera kudzapereka sitetimenti, ndipo nkhaniyi idzapita kwa akuluakulu anga ndi kukhoti. Ine ndidzalemba zimene ndaona, kuti simunadziwe. Koma ndikapempha kuti amuna anu muwaike kaye. Za anyamata panjapo musade nazo nkhawa, ndikalankhula nawo ndine. Sikofunika kuti anthu amve lero kuchokera pakamwa panu."

"Inu sakakumverani. Adzati a Nizam akugulani." Anamanganso duku lawo. "Dzulo ndinaloza khoma la munthu wosalakwa pamaso pa anthu. Pakamwa pomwepo ndi pamene pakabweze."

Anatsegula chitseko okha. Amayi a pabalaza anasiya nyimbo pakati atawaona akudutsa osagwiridwa ndi munthu. Anatuluka pakhonde opanda nsapato, anadutsa tenti ya abambo, natulukira pageti. Tawonga ankawatsatira pambuyo, chiguduli chija chili m'khwapa. Anthu anayamba kudzuka m'mabenchi.

Kenny anali pakati pa anyamata aja, pageti ya a Nizam. Ataona mayi ake anathamangira kudzawachingamira.

"Amayi, mukupita kuti? Bwererani m'nyumba, izi tithana nazo ife."

"Kenny, uwauze anzakowa ataye miyala."

"Amayi..."

"A Nizam sanalakwe. M'nyumba mwathu munali mfuti, abambo ako anagula chifukwa cha akalulu. Dzulo ndinaombera kalulu pampanda, osadziwa kuti iwo agwada kuseri kwake." Mawu awo sanali okwera, koma pamsewupo panali patangoti zii, moti aliyense anamva. "Abambo ako ndawapha ndine, mwana wanga."

Kenny anayang'ana mayi ake, anayang'ana Tawonga, anayang'ana chiguduli chija. Tawonga anavundukula mbali imodzi kuti mpope wa mfutiyo uoneke. Mwamunayo anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto. Kumbuyo kwake miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi, ndipo anyamata a kumapeto anayamba kuzemba.

Mayi Muhiwa anayamba kugwa. Asanafike pansi, Kenny anali atawawakha. Anawanyamula ngati mwana n'kubwerera nawo kunyumba, akulira mokweza msewu wonse, anthu akupatuka kuwapatsa njira.

* * *

A Stafford Muhiwa anaikidwa tsiku lotsatira, kumanda a mpingo wawo. Anthu anabwera ochuluka kuposa amene ankayembekezeka, ena chifukwa cha chisoni, ena kudzaona nkhope ya mayi amene nkhani yake inali itafika kale m'maminibasi a ku Limbe. Amayi a mphakati anawazungulira mayi Muhiwa mothithikana, moti odzaonerawo sanaone kanthu koma maduku. Tawonga anali pakati pa amayiwo, atavala chitenje ngati wina aliyense.

A Nizam anafika mochedwa, atavala mkanjo woyera ndi kapu, n'kuima patali pansi pa mtengo wa bulugamu. Palibe anawalankhula. Bokosi litatsitsidwa, wansembe atamaliza mapemphero, abambo anayamba kulandirana mafosholo pokwirira. Kenny anaponya dothi lake, kenako anaima, fosholo ili m'manja. Anatuluka pagulupo n'kuyenda mpaka pabulugamu paja. Anangotambasula manja. A Nizam anayang'ana fosholoyo kwa kanthawi, anapinda manja a mkanjo wawo, n'kuilandira.

Nkhata zitaikidwa ndipo anthu atayamba kubalalika, mayi Muhiwa anatsala pamutu pa mandawo. Tawonga anawadikira osawafulumizitsa. Atatha anatembenuka okha.

"Galimoto yanu ili kuti, mwanawe?"

"Ili kumsewu, amayi."

"Tiyeni kupolisiko. Kenny atiperekeza."